NDODO YALAKWA CHIYANI? Zimene mphunzitsi wathu anayankhula pa nkhani yosintha ndodo ya pool

Loweruka lapitali titatha masewero tinakhala pansi kumvetsera ankolo athu amene amatiphunzitsa pool. Ambiri simunafike chifukwa cha mvula ija, ndiye tawalemba mawu awo pano monga momwe anayankhulira. Werengani mpaka kumapeto, chifukwa muli nkhani ya ndalama za m'thumba la kalabu imene tidzavotere Loweruka likubwerali.

*

Zikomo a wapampando, zikomo a komiti, ndi inu nonse achinyamata amene mwalimbana ndi matope kuti mufike. Khalani pansi. Ndodozo muzigoneke pa tebulo, osazitsamiritsa kukhoma. Inde, ndikunena inuyo kumbuyoko. Chifukwa chake muchimva posachedwapa.

Mwezi uno wokha anthu atatu a m'kalabu muno andipeza, aliyense payekha, ndi nkhani imodzimodzi. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Woyamba akuti, "Ankolo, ndodo yangayi yatha, ndigule yotani?" Wachiwiri wandionetsa pa foni chithunzi cha ndodo yakuda ya carbon, akufuna ndimuuze ngati ili yeniyeni. Wachitatu ndiye sanafunse n'komwe, anangobwera kudzandidziwitsa kuti yakale wagulitsa kale ndipo akudikira ina yochokera ku Joni. Chondichititsa chidwi n'chakuti onse atatu anagonja pa mpikisano wathu wa mwezi watha. Ndiye ndinati m'malo moyankha mmodzimmodzi, bola tikambirane tonse pamodzi: osewera pool amasinthiranji ndodo yawo, nanga kusinthako kumakhala kwanzeru liti?

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, kuopa kuti mungamati ankolo amangodziwa kudzudzula anzawo. Ndodo yanga yoyamba ndinagula kwa bambo wina amene ankasamuka. Inali ya mtengo, yolumikiza pakati, vanishi atayamba kale kusupuka. Ndinasewera nayo zaka 6, ndipo ndinkaidziwa ngati njira ya kwathu usiku wopanda mwezi. Tsiku lina ndinafika mu fainolo ya kampikisano ka m'dera lathu, n'kuphonya bulaki ya pafupi, yoti mwana wa sitandade 5 akanalowetsa. Anthu anakuwa. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndipo pomwe kunkacha n'kuti wolakwa nditamupeza kale: ndodo.

Ndinaigulitsa motchipa kwa mnyamata wina, n'kuphatikiza ndalama zimene ndinkasungira malata a nyumba, n'kukagula ina yonyezimira, ya mizere yagolide kogwirira. Sabata yoyamba ndinkasewera ngati dolo. Pofika sabata yachitatu, mipira imene kale ndinkalowetsa mosaganiza inayamba kugunda pakamwa pa bowo n'kubwerera. Patatha miyezi iwiri ndinapita kwa mnyamata uja nditanyamula ndalama zoposa zimene anandipatsa. Anangoseka, n'kukana. Chaka chomwecho anandigwetsa mu mpikisano ndi ndodo yanga yomwe ija. Za malata aja mayi a kunyumba amandikumbutsabe mpaka lero mvula ikamagwa.

Chilungamo chake ndinachivomereza mochedwa. Bulaki ija sinaphonyedwe ndi ndodo. Ndinadzutsa mutu ndisanamalize kumenya, chifukwa mtima unali kale pa chikho.

Ndiye mfundo yanga lero ndi imodzi basi. Musanasinthe ndodo, pezani kaye pamene pagona vuto. Lili mu ndodo? Lili pa mtundu wa tebulo limene mukusewerapo? Lili pa msinkhu wanu? Kapena lili mu mkono ndi m'mutu? Zitatu zoyambazo ndodo ina ikhoza kuthandiza. Chomalizacho olo mutagula ya madola chikwi, mudzapita nacho kunyumba chili chomwecho.

Kuti timvane bwino, tiyeni tiione kaye ndodoyo. Kunsonga kwenikweni kuli kachikopa kamene timati tip. Pansi pake pali kamphete, kena ka mkuwa, kena ka pulasitiki woyera, kamene kamateteza mtengo kuti usang'ambike. Kenako pali gawo lowonda limene limayenda pa zala, ndipo kumbuyo kuli gawo lonenepa limene timagwira. Ndodo ya munthu wamkulu imatalika mainchesi 57 kapena 58, ndiye kuti masentimita 145 mpaka 147. Kulemera kwake amawerengera mu ma ounce. Zambiri zili pakati pa 17 ndi 21, ndipo ya 19 ndi pafupifupi magalamu 540. Manambala amenewa asungeni, tiwafuna kutsogoloku.

Tsopano zifukwa zomveka zosinthira ndodo. Choyamba ndi chachidziwikire: ndodo yawonongeka, yatayika kapena yabedwa. Mtengo umapumabe ngakhale unadulidwa kalekale. Dzinja ngati lino umamwa chinyontho, mu Okutobala umauma. Mukamaitsamiritsa kukhoma tsiku ndi tsiku, kapena kuisiya padzuwa, kapena pafupi ndi mbaula, imayamba kukhota pang'onopang'ono inu osadziwa. N'chifukwa chake ndakuuzani kuti muzigoneke. Poyesa, musamangoigubuduza pa tebulo yonse yathunthu. Ngati ili yolumikiza, masulani, mugubuduze gawo lililonse palokha, chifukwa nthawi zina chakhota si mtengo koma polumikizira. Kenako ikwezeni pa diso ngati mfuti, muziizunguza pang'onopang'ono mukuyang'ana kunsonga. Kukhota kwakung'ono si imfa ya ndodo. Alipo osewera abwino amene amaika kachizindikiro n'kumaigwira mbali imodzimodzi nthawi zonse. Koma mukaona mng'alu pafupi ndi kamphete kaja kapena polumikizira, kapena mukamva kaphokoso ngati kanthu kakugwedera mkati ngakhale mwamanga bwino, pamenepo yambani kusunga ndalama.

Pa za kutaya ndodo mosafuna, ndikupatseni chitsanzo cha Stephen Hendry wa ku Scotland. Iyeyu ndi wa snooker, koma phunziro lake ndi lathu lomwe. Anakhala katswiri wa dziko lonse maulendo 7, kuyambira 1990 mpaka 1999, ndipo maulendo onsewo anapambana ndi ndodo imodzi ya mapaundi 40 imene anayamba kuigwiritsa ali mnyamata wa msinkhu wa ena a inu. Mu 1990 inabedwa, ndipo panalengezedwa mphoto ya mapaundi 10,000 kwa woibweza. Inabwezedwa. Tangoganizani, ndodo ya mapaundi 40 kuifuna ndi mapaundi 10,000! Sankagula mtengowo ayi, ankawombola zaka zonse zimene mkono wake unazolowerana nawo. Mu 2003 ndodoyo inathyoka mu katundu wa pa ndege pochokera ku Asia. Anapambanabe mipikisano ina ndi ndodo zina, koma ukatswiri wa dziko lonse sanautengenso. Zaka nazo zinali zitapita, zoona, koma mwini wake sanabise kuti kutaya ndodo ija kunamupweteka. Ndiye ngati munthu ngati Hendry sanasiye ndodo yake mpaka itachita kuthyoka, ife timasiyiranji yathu chifukwa chogonja Loweruka limodzi?

Chifukwa chachiwiri chomveka ndi kusintha mtundu wa masewero. Apa ndi pamene ambiri mumanamizika ndi mavidiyo. Matebulo athu ambiri a matokeni ndi a mtundu wa ku England. Mipira yake ndi ya mamilimita pafupifupi 51, ndipo woyera ndi wocheperapo, pafupifupi 48. Kuchepako n'kumene kumachititsa kuti woyera ukagwa utulukire kwake pamene inayo yatsekeredwa mkati. Pa mipira yaing'ono chonchi, ndodo yoyenera ndi ya nsonga yowonda, ya tip ya mamilimita 8 mpaka 9. Matebulo a ku America, aja mumaonera pa YouTube akusewerapo 9-ball, mipira yake ndi ya mamilimita 57, yolemera pafupifupi magalamu 170, ndipo ndodo zake zimakhala ndi tip ya mamilimita 12 mpaka 13. Heyball ya ku China imagwiritsa mipira yaikulu yomweyo koma mabowo ake ndi othina ngati a snooker, ndipo ndodo zake zambiri zili pakatikati pa ziwirizi.

Tanthauzo lake n'lotani? Mukagula ndodo ya 13 chifukwa mwaiona kwa katswiri wa ku America, n'kubwera nayo pa katebulo kathu aka, nsonga yake idzakuphimbirani kampira koyera, ndipo malo enieni omenya kuti mpira ubwerere m'mbuyo simudzawaona bwino. Mukatenganso ndodo yowonda ya 8 n'kumaphwanya nayo mipira yaikulu ija mwamphamvu, mukuifupikitsira moyo. Choncho amene akufuna kuchoka pa tebulo lathu n'kuyamba heyball mozama, ameneyo ali ndi chifukwa chenicheni chosinthira. Koma funso loyamba pogula lisakhale loti, "Amasewera nayo ndani?" Likhale loti, "Ndikasewera nayo pa tebulo liti?"

Chachitatu ndi thupi. Ichi chikukhudza kwambiri inu amene mukukulabe. Wina analowa kalabu ino ali ndi zaka 13 akusewera ndi kandodo kakafupi ka mainchesi 48 kapena 52, lero wandipitirira msinkhu. Kayeseni chonchi: weramani monga mumachitira, tip ifike pafupi ndi mpira woyera. Mkono wakumbuyo, kuchokera pa chigongono kufika pa dzanja, uzilendewera molunjika pansi, ndipo kumbuyo kwa dzanjalo kuzitsalako ndodo pang'ono. Ngati mukugwira kumapeto kwenikweni mpaka chala chaching'ono chili m'malere, ndodoyo yakucheperani. Si mlandu wake, mwakula ndinu.

Pa kulemera, chotsani maganizo oti ndodo yolemera ndiye yamphamvu. Mphamvu imachokera kwambiri pa liwiro limene ndodo ikuyenda pofika pa mpira, ndipo ndodo yolemera kuposa mkono wanu imakuchedwetsani n'kukulandani ulamuliro pa mipira yofuna kumenya mofatsa. Azichemwali athu, wina asakuuzeni kuti mtsikana ndodo yake ndi yopepuka basi. Yesani ya 17, ya 18, ya 19, musankhe imene mkono wanu ukugwirizana nayo. Ndipo dziwani kuti ndodo zambiri za mtundu wa ku America zili ndi bawuti mkati, kuseri kwa karabala ka kumbuyo, imene mukhoza kuchotsa kapena kusintha. Ena amagula ndodo yatsopano pamene chimafunika ndi kumasula bawuti imodzi.

Chachinayi ndiye chimafuna mumvetsere bwino, chifukwa ndi chimene chinandigwetsa ine osachidziwa. Mukamenya mpira woyera cha kumanja kuti muupatse side, suyenda ndendende kumene ndodo yaloza. Umathawira pang'ono kumanzere. Mukamenya cha kumanzere umathawira kumanja. Pa Chingerezi amati deflection. Kukula kwa kuthawako kumadalira kulemera kwa mbali ya kutsogolo kwa ndodo, masentimita 15 kapena 20 omalizira. Nsonga yolemera imakankhira mpira kumbali kwambiri. Nsonga yopepuka imapatuka yokha, mpira n'kuyenda pafupi ndi mzere umene munaloza.

Ndiye taonani chimene chimachitika. Mukasewera ndi ndodo imodzi zaka zingapo, diso ndi mkono wanu zimaphunzira kuthawa kwa mpira pa ndodo imeneyo, ndipo zimakonza zokha inu osaganizako. Mukangosintha ndodo, kuthawa kuja kumasintha, koma mkono ukukonzabe za ndodo yakale. Mipira yolunjika yopanda side imalowa bwinobwino, mumvekere ndodo iyi ndiye ndodo. Koma ikafika mipira yaitali yofuna side, imene imagamula masewero, mumaphonya ndi kachidutswa kakang'ono, osadziwa chifukwa. Ndi zimene zinandichitikira sabata yachitatu ija.

Makampani anaona nkhani imeneyi kalekale. Kampani ya Predator ya ku America inayamba kupanga ndodo za nsonga yopepuka m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2016 inatulutsa ya carbon yotchedwa Revo. Kuchokera pamenepo makampani ena ambiri anatsatira, ndipo akatswiri ambiri a pool ya ku America anasamukira ku carbon. Ubwino wake ndi weniweni, sindikukana. Carbon sakhota ndi chinyontho, sabooka msanga ukamugunditsa, ndipo amaterera bwino pa zala ngakhale kunja kukutentha. Koma kamvekedwe kake m'dzanja ndi kosiyana ndi mtengo, moti alipo amene anayesa n'kubwerera. Mtengo wogulira nawo ndi wokwera, ndipo si ndodo iliyonse yakuda imene ili ya carbon weniweni. Mukaona pa intaneti yotchipa modabwitsa, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Komanso carbon sachotsa deflection yonse, amangoichepetsa. Kuphunzira kuja kudzafunikabe.

Chachisanu ndingochitchula n'kudutsa, chifukwa sichathu. Akatswiri ena amasintha ndodo chifukwa asayina mgwirizano ndi kampani imene imawalipira kuti azioneka ndi katundu wake. Iwo akasintha amalandira ndalama, inu mukawatsanzira mumatulutsa ndalama. Komanso iwo amasewera maola ambiri tsiku lililonse, ndiye amazolowera msanga. Inu muli ndi sukulu, ena geni, pa tebulo mumafikapo kawiri kapena katatu pa sabata.

Tsopano tibwere ku zifukwa zonyenga, zimene zimaoneka ngati vuto la ndodo pamene sizili choncho. Chachikulu ndi tip. Pa ndodo yonse ya masentimita 145, chimene chimakhudza mpira ndi kachikopa kameneka basi. Anthu akale ankasewera ndi mtengo wopanda kanthu kunsonga, mpaka msilikali wina wa ku France, François Mingaud, anatchukitsa tip ya chikopa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Zonse timanyadira lerozi, kubweza mpira m'mbuyo, kuupatsa side, zinatheka chifukwa cha kachikopako. Ndiye kakaphwatalala, kakauma n'kuyamba kunyezimira, kapena kakafutukuka m'mbali ngati bowa, choko sichigwira, ndipo ndodo imaterereka pa mpira. Munthu amvekere ndodo yatha. Ayi, yatha ndi tip. Pa anthu amene amandibweretsera ndodo kuti yatha, ambiri ndimawabwezera ndodo yomweyo nditangoika tip ina, ndipo amapita akumwetulira. Tip zilipo zofewa, zapakati ndi zolimba. Yofewa imagwira mpira bwino koma imatha msanga, yolimba imakhalitsa koma imafuna choko pafupipafupi. Zilipo za chikopa chimodzi ngati Elk Master, ziliponso zosanjikiza ngati Kamui za ku Japan. Musanataye ndodo, yesani kaye tip ina, muisule ikhale yozungulira bwino pamwamba, muikande pang'ono kuti izigwira choko.

China ndi litsiro. Nyengo ino ndodo imamata pa zala chifukwa cha thukuta, mafuta a m'manja ndi fumbi la choko. Mwadya tchipisi kenako mwagwira ndodo, mukuyembekeza chiyani? Sambani m'manja, pukutani ndodo ndi kansalu konyowa pang'ono, kenako kouma msangamsanga. Sandipepa wokhakhala musamuyandikitse, chifukwa mukamapala tsiku ndi tsiku mukudya mtengo, ndipo pakutha pa chaka ndodo yasintha kunenepa. Ndiponso ngati mumaphwanya mipira poyamba ndi ndodo yanu yomwe mumasewerera, musadabwe tip ikamaphwatalala msanga. Phwanyirani ya pa tebulo, yanuyo isungeni.

Chachitatu ndi kaduka, tinene mosabisa. Mnzanu wabwera ndi ndodo yatsopano m'chikwama chokongola, aliyense akufuna aigwireko, yanu yayamba kuoneka ngati mpini wa khasu. Dzulo lomweli inali bwinobwino. Mudziwe za Efren Reyes wa ku Philippines, amene ambiri amati ndiye katswiri woposa onse amene anagwirapo ndodo ya pool. Anakulira m'nyumba ya pool ya amalume ake ku Manila, akugwira ntchito yoyala mipira, nthawi zina n'kugona pa tebulo pomwepo. Anapambana US Open ya 9-ball mu 1994 ndi ukatswiri wa dziko lonse mu 1999 ku Cardiff, ndipo amadziwika kuti kwa zaka zambiri ankagonjetsa anthu a ndodo zodula iye ali ndi yotsika mtengo yopangidwa kwawo konko. Mizere yagolide ya kogwirira sinalowetsepo mpira ngakhale umodzi.

Chomaliza ndi mkwiyo wa kugonja, matenda anga aja. Ngakhale akuluakulu amawadwala. Mu 2006 ku Sheffield, Ronnie O'Sullivan akusewera semi-fainolo ya dziko lonse ndi Graeme Dott, tip ya ndodo yake inachoka masewero ali mkati. Atagonja anatenga ndodo ija n'kupatsa mnyamata wina mwa oonerera. Iyeyo anadzapambananso ukatswiriwo mu 2008 ndi maulendo ena pambuyo pake, koma paja ndi O'Sullivan, ndipo omupangira ndodo ina anali nawo. Inu mukapereka yanu chifukwa cha mkwiyo, Loweruka lotsatira mudzakhala pa mzere wodikira ya kalabu.

Mwina wina akuti, "Koma ankolo, ine nditabwereka ndodo ya mnzanga ndinasewera bwino kwambiri." Ndikukhulupirira. Ndodo yachilendo imakuchititsani kusamala. Mumawerama bwino, mumayang'anitsitsa, simuthamanga, chifukwa simukuidalira. Chakonza masewero anu ndi chidwi chimenecho. Pakatha masabata awiri chidwi chija chimazilala, zizolowezi zakale n'kubwerera, ndipo mumayambanso kusuzumira ndodo ya wina. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nanga mungadziwe bwanji ngati vuto ndi ndodo kapena ndinu? Pali mayeso osalira ndalama, ndipo tiwachita tikangomaliza pano. Ikani mpira woyera pakati pa mzere woyambira. Umenyeni pakati penipeni, ulunjike ku khushoni ya kutsidya, inu mukhale chiweramire osasuntha ndodo. Ngati mwamenya molunjika, mpira ubwerera n'kudzagunda tip yanu. Chitani maulendo 10 ndi ndodo yanu, 10 ndi ya mnzanu, 10 ndi ya kalabu, muzilemba m'kope. Mukaona kuti ndi ndodo zonse zitatu mpira ukubwerera cha kumanja, ndiye kuti mkono wanu ukupatsa side mosadziwa, ndipo sitolo ilibe mankhwala ake. Kenako perekani ndodo yanuyo kwa wosewera bwino kuposa inu, asewere nayo magemu atatu. Akamalowetsa bwinobwino, yankho mwalipeza. Mukatero ikani tip yatsopano, pukutani ndodo, musewere nayo masabata awiri mukulemba. Zonsezi zikachitika koma vuto likuonekabe pa ndodo yanu yokha, bwerani tidzasankhire limodzi ina.

Ndipo mukatsimikiza zosintha, ndikupempheni zinthu zinayi. Musasinthe mpikisano uli pafupi. Mwa zimene ndaona ine, munthu wosewera kawiri kapena katatu pa sabata amafuna mwezi umodzi kapena iwiri kuti azolowere. Musagule ndodo imene simunaigwire, kapena imene simukudziwa kulemera kwake ndi kukula kwa tip yake. Yakale musagulitse msanga, isungeni mpaka mutatsimikiza, koma musamasinthesinthe, lero iyi mawa iyo, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo chachikulu, musagule ndi ngongole, ndi fizi, kapena ndi mpamba wa geni, n'kumati ndidzabweza ndikawina. Ndaonapo mnyamata akubetcha kuti abweze ngongole ya ndodo, mapeto ake ndodo yomweyo anaisiya chikole. Pool ndi masewero oti azikupumitsani, osati kukusowetsani tulo.

Nditsirize ndi nkhani ya thumba lathu. A komiti andiuza kuti pali maganizo awiri. Ena akuti ndalama zimene tasonkha tigulire ndodo imodzi yabwino, yoti azinyamula amene akukaimira kalabu ku mipikisano. Ena akuti tikonzere ndodo 6 zimene tili nazo kale. Maganizo oyambawo sindikuwanyoza. Zimawawa kuona mwana wathu akupita kukakumana ndi anzake atanyamula ndodo yokhota, ndipo amene anabweretsa ganizoli amaikonda kalabu. Koma taganizirani zimene takambirana za deflection. Woimira kalabu amasintha mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti tizimupatsa munthu ndodo yachilendo pa tsiku limene akufunika ndodo yoizolowera kuposa masiku onse. Pamenepo tamuthandiza kapena tamutchera msampha?

Ine ndaziona ndodo zathu zonse 6 m'mawa uno. Imodzi yang'ambika kunsonga, imeneyo yatha. Ina yakhota ndithu, ikhale yophwanyira. Zinayi zotsalazo ndi zabwinobwino, zimangofuna tip, guluu ndi kupukuta. Maganizo anga ndi akuti tigule ma tip, guluu ndi bokosi la choko, timupatse kalipentala ntchito yotikhomera poimika ndodo kuti ziziima chilili osatsamira, ndipo tizilembe manambala kuti amene alibe yake azisewera ndi nambala imodzimodzi nthawi zonse mpaka aizolowere. Kuika tip ndidzakuphunzitsani ndekha, ndi luso loti ena mukhoza kumapezerapo kangachepe. Zikatsala ndalama, tiyambe kusungira ndodo yachisanu ndi chiwiri. Koma kalabu ndi yanu, mudzavota ndinu, ndipo chimene mudzagwirizane ndidzachilemekeza.

Kwa anzanga atatu aja: woyamba, bweretsa ndodoyo tiione tip. Wachiwiri, usatumize ndalama usanafunse kukula kwa nsonga yake. Wachitatu, poti wagulitsa kale, ikafika ya ku Joniyo ukhale nayo chaka chathunthu osayang'ananso kwina, ndipo mpikisano wa mwezi wamawa usaudandaule ukapanda kuyenda bwino.

Ndayankhula zambiri, mvula nayo yakata. Tiyeni tiyale mpira woyera pa mzere, tiyambe ndi a wapampando, tione ngati ubwerere pa tip. Zikomo kwambiri.

*

Kuchokera kwa alembi: pa mayeso aja a wapampando anabweza mpira pa tip maulendo 4 mwa 10, ndipo apempha kuti tisalembe za ena onse. Kuvota kulipo Loweruka tikangomaliza masewero. Amene muli ndi ndodo zanu mubwere nazo, ankolo adzaziona ma tip ulere. Amene simudzatha kufika, lembani maganizo anu m'munsimu kuti a komiti adzawawerenge tisanavote.